Kodi N'kulakwa Kusirira Nyumba Zokongola za New Town?

Mu mzinda wa Edinburgh ku Scotland muli dera lotchedwa New Town, lomwe anthu ambiri amapitako kukangoyenda wapansi n'kumaona nyumba. Pulani yake anailemba ndi James Craig, mnyamata yemwe anapambana mpikisano mu 1766, ndipo akuluakulu a mzindawo anaivomereza mu 1767. Anayala misewu itatu yowongoka, Princes Street, George Street ndi Queen Street, n'kuika bwalo kumapeto konse kuwiri. Mu 1995 bungwe la UNESCO linaika derali, pamodzi ndi mzinda wakale, m'kaundula wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse. Komabe munthu wa chikumbumtima akamayenda m'misewu imeneyi amakumana ndi funso lovuta. Gawo lina la chuma chomwe chinamanga ndi kudyetsa nyumbazi linachokera m'minda ya shuga ya ku Caribbean, komwe ankalima ndi akapolo ochokera ku Africa. Kodi tsono n'koyenera kuimirira n'kumati nyumbazi n'zokongola? Yankho langa n'lakuti n'koyenera ndithu, malinga ngati maso omwe akusirirawo akulolanso kuona onse amene analipira mtengo wa kukongolako.

Kukongola kwa derali si nkhambakamwa chabe. Mbali ya kumpoto ya Charlotte Square, yomwe Robert Adam anailemba mu 1791, ndi nyumba zingapo za mabanja osiyana, koma anazilumikiza mwaluso kotero kuti ukaziona umayesa ndi nyumba imodzi yachifumu. Imodzi mwa izo, Bute House, ndi komwe amakhala mtsogoleri wa boma la Scotland masiku ano. Mawindo anawayeza mogwirizana, aatali ali pa nsanjika yolandirira alendo, aafupi ali pamwamba penipeni. Pamwamba pa chitseko pali galasi lopindika lolowetsa kuwala m'khonde, ndipo pa makomo ena pakadali tizitsulo tomwe onyamula miuni ankazimitsira moto akaperekeza bwana usiku. Ku Moray Place, komwe James Gillespie Graham anayala mu 1822, nyumba zinazungulira munda wa mitengo, zomangidwa ndi miyala yosemedwa mosalala. Munthu akaona zinthu zoyezedwa bwino chotere mtima wake umakhazikika, ndipo kukhazikikako si tchimo. Buku la Eksodo limafotokoza kuti luso la Bezaleli, mmisiri wa chihema chopatulika, linali mphatso yochokera kwa Mulungu. Ngati luso la manja ndi mphatso, ndiye kuti kulinyoza n'kusayamika Wopatsayo.

Wina anganene kuti ichi n'chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo umboni ali nawo. Pakati pa St Andrew Square pali chipilala chachitali chokumbukira Henry Dundas, yemwe mu 1792 anachititsa nyumba ya malamulo kuvomereza kuti malonda a akapolo athe pang'onopang'ono m'malo motha nthawi yomweyo. Malondawo anadzaletsedwa mu 1807. Akatswiri a mbiri yakale amatsutsanabe za cholinga chake, pakuti Dundas yemweyo anaimirapo Joseph Knight, kapolo amene khoti la Scotland linamumasula mu 1778, koma palibe amene amakana kuti m'zaka zodikirazo anthu zikwi zambiri anaolotsedwa nyanja ali m'maunyolo. Lamulo lothetsa ukapolo litadutsa mu 1833, boma la Britain linapereka mapaundi 20 miliyoni kwa eni akapolo, akapolowo osalandira kanthu, ndipo ena mwa olandira ankakhala m'misewu yomweyi. Mneneri Amosi anadzudzula anthu omanga nyumba za miyala yosema ndi chuma cholanda osauka, ndipo Yeremiya anadzudzula mfumu yomangitsa nyumba yaikulu osalipira antchito. Wotsutsayu tsono akufunsa kuti, ngati aneneri anakwiya, ife tikusirira chiyani?

Funsoli n'lolemera, koma likusokoneza zinthu ziwiri. Aneneri sanadzudzule mwala chifukwa unasemedwa bwino. Anadzudzula munthu amene anaupeza mwachinyengo. Mlandu ndi wa mwini ndalama, pomwe luso ndi la mmisiri. Amene anakumba miyala ku Craigleith, amene anaisema, amene anasula mipanda ya zitsulo ndi kupala matabwa a makwerero sanali eni minda ya ku Jamaica. Anali anthu olandira malipiro ochepa, ndipo ambiri mwa osema miyala anafa ndi nthenda ya mapapo yobwera ndi fumbi la ntchito yawo. Tikatembenuza nkhope n'kunena kuti pano palibe chabwino, bwana uja sitimulanga, pakuti anapita kalekale. Amene timamulanda ndi mmisiri, yemwe chokhacho chimene anasiya pa dziko ndi khoma lowongokalo. Kunyansidwa ndi nyumbazi kumaoneka ngati chilungamo, koma kumaiwalitsa anthu omwewo amene chilungamo chikufuna kuti tiwakumbukire.

Palinso wotsutsa wa mbali ina, yemwe amati zakale zinapita, tiyeni tingosangalala ndi zimene maso akuona. Uyu amatsutsidwa ndi nyumba zomwezo, bola aziyendere wapansi. Wodutsa pa galimoto amangoona nkhope za nyumba, koma woyenda ndi miyendo amasuzumira kuseri kwa mpanda wa zitsulo n'kuona makwerero otsikira pansi pa msewu, komwe kunali khitchini ndi malo a antchito, kwa mdima ndi chinyezi. Ku Georgian House, nambala 7 Charlotte Square, mlendo amatha kulowa n'kuyerekeza chipinda chodyera ndi khitchini yapansiyo. Akakhotera mu Rose Street kapena Thistle Street amapeza misewu yopapatiza yomwe anaikonzera amisiri ndi amalonda ang'onoang'ono. Akafika pa minda ya Queen Street amapeza zipata zokiya, zotsegukira okhawo amene ali ndi makiyi. Mu mzinda wakale olemera ndi osauka ankakhala m'nyumba imodzi yosanjikizana, n'kumakumana pa makwerero tsiku ndi tsiku. New Town inawalekanitsa, ndipo kulekanako kunalembedwa m'miyala. Wonena kuti akungoona kukongola kokha sakuona bwino. Wasankha kutseka diso limodzi.

Umboni waukulu woti chabwino ndi choipa sizingasiyanitsidwe ndi mpeni uli pa George Street, m'tchalitchi chomwe kale chinkatchedwa St Andrew. Mu May 1843 abusa oposa 400, motsogozedwa ndi Thomas Chalmers ndi anzake, anachoka mu mpingo wa Church of Scotland pokana kuti eni malo azisankhira mipingo abusa. Pa 18 May ena mwa iwo anatuluka m'tchalitchimo n'kutsetsereka wapansi mpaka ku Tanfield, atasiya nyumba ndi malipiro awo chifukwa cha chikumbumtima. Koma mpingo watsopanowo, Free Church of Scotland, unalandira ndalama kuchokera ku mipingo ya eni akapolo a ku America, mpaka Frederick Douglass, yemwe anathawa ukapolo, anafika ku Edinburgh mu 1846 kudzalimbikitsa kuti ndalamazo zibwezedwe. Sizinabwezedwe. Ndipo ndi mpingo womwewo umene mu 1875 unatumiza amishonale a Livingstonia ku Cape Maclear, china mwa zolinga zawo chili kulimbana ndi malonda a akapolo pa nyanja ya Malawi. Tingautche chiyani mpingo wotere, wolungama kapena wolakwa? Unali zonse ziwiri, monga alili munthu aliyense. Mkhristu amene amakhulupirira kuti munthu analengedwa m'chifanizo cha Mulungu komanso kuti anagwa sayenera kudabwa poona kuti ntchito za manja a munthu zili ndi zizindikiro zonse ziwirizo.

Choncho kusirira koyenera kuli ndi ntchito yake. Kumayamika luso popanda manyazi, kumatchula eni akapolo ndi akapolo awo popanda kubisa, ndipo sikulola kuti chimodzi chifafanize chinzake. Kukongola sikutsuka mlandu, ndiponso mlandu suchotsa kukongola. Mzinda wa Edinburgh unachita bwino mu 2021 poika chikwangwani chatsopano pa chipilala cha Dundas chofotokoza za kuchedwa kuja, chipilalacho n'kuchisiya chili chiimire, pakuti chogwetsedwa sichiphunzitsanso munthu.

Phunziroli silithera ku Scotland. Nyumba iliyonse yomwe ikumangidwa lero idzafunsidwa mafunso omwewa ndi amene adzaiyendere mtsogolo: ndalama zake zinachokera kuti, mmisiri analipidwa bwanji, ndipo wantchito anagonekedwa m'chipinda chotani. Inu amene muli ndi mwayi womanga, mangani zokongola, chifukwa dziko limafuna zokongola. Koma lipirani omanga mokwanira ndi pa nthawi yake, kuti ana a ana anu adzathe kuyang'ana makoma anu popanda kuweramitsa mutu.