Amene akufuna chiphaso ndiye achibweretse

Ku Wynberg m'mamawa, masitolo asanatsegule, panja pa ofesi ya Home Affairs pamakhala mzere wa anthu. Ena amabwera ndi timipando, ena abereka ana, aliyense atapanira envulopu m'khwapa. Ndimawadutsa popita kokwerera minibasi. Ambiri mwa iwo ndi eni nthaka, obadwira konkuno, koma adzuka mbandakucha kudzapempha kakhadi kowachitira umboni pa chinthu chimene amayi awo, anansi awo ndi iwo eni akuchidziwa kale.

Tsiku lina chakumapeto kwa 2024, ndili pafupi ndi mzere womwewu, azakhali anga anandiimbira kuchokera ku Phalombe. Chiphaso chawo cha unzika chinapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamodzi ndi mbuzi, mbale ndi buku lakuchipatala. Kalembera wa chisankho anali atayandikira. Iwo anati: "Iwe unapita kusukulu, tandiuza. Ine ndinaponya voti pa nyali mu 1993. Amfumu amandidziwa, kumpingo amandidziwa, manda a makolo anga ali pomwe pano. Ndiye kakhadi kakapita ndi madzi, inenso ndapita nako?" Ndinaseka, ndinawalimbitsa mtima, koma funsolo linanditsalira. Munthu akafika pamaso pa boma lake, amene ayenera kunena kuti uyu ndi wakutiwakuti ndani? Nanga umboniwo ukasowa, mlandu ndi wa yani?

Kale, polembetsa chisankho ku Malawi, munthu ankatha kuonetsa pasipoti, laisensi yoyendetsera galimoto kapena pepala lina lodziwika, ndipo wopanda zonsezi amfumu ankatha kumuchitira umboni. Mu 2017 boma linachita kalembera wa unzika, ndipo anthu opitirira 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo analembedwa m'miyezi yochepa. Kenako lamulo la zisankho la 2023 linati umboni wovomerezeka polembetsa voti ndi wochokera ku bungwe la NRB wokha. Pakamwa pa amfumu panatsekedwa, mawu anatsala ndi kompyuta.

Ndiyambe ndi kuvomereza kuti aphungu amene anakhazikitsa lamuloli anali ndi mfundo. Umboni wa amfumu unali ndi mavuto ake. Mfumu ndi munthu, ili ndi abale, adani ndi chipani chimene imachikonda mumtima. Imatha kuiwala dala munthu amene inakangana naye malire a munda, imathanso kukumbukira bwino mwana wa zaka 16 kuti wakwana 18. M'maboma a m'malire, chisankho chilichonse chinkabwera ndi manong'onong'o akuti alembetsa anthu a tsidya lina. Chiphaso sichidziwa kuti unakana kulima m'munda wa amfumu. Kwa mayi wamasiye amene alibe womulankhulira, kapena mkamwini wokhala kumudzi kwa eni, kakhadi kokhala ndi chithunzi ndi chidindo cha chala ndi chitetezo. Choncho sindikulira kuti tibwerere kumbuyo.

Komabe ife a kuno kumwera kwa Africa tili ndi chifukwa chochitira mantha pepala likayamba kulamulira. Akuluakulu athu akukumbukira khadi la chipani m'nthawi ya Kamuzu Banda, pamene achinyamata ankaima pachipata cha msika kapena pokwerera basi, wopanda khadi n'kumubweza. Kuno ku Cape Town, msewu waukulu wolowera m'tauni m'munsi mwa phiri umatchedwa Philip Kgosana Drive, dzina la mnyamata amene pa 30 Malichi 1960 anatsogolera anthu pafupifupi 30,000 kuchokera ku Langa kukana malamulo a pasi. Masiku asanu ndi anayi izi zisanachitike, apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville pa nkhani yomweyo. Malamulowo anathetsedwa mu 1986. Pasi ndi khadi la chipani zinkafanana pa chinthu chimodzi: zinkauza munthu kuti ufulu wake uli m'thumba la wina, ndipo amaubwereka tsiku ndi tsiku.

Apa m'pamene pagona kusiyana kumene ndinalephera kuwafotokozera azakhali pa foni. Pamlandu wa kubwalo, mboni imanena zimene zinachitika, koma siyichititsa kuti zichitike. Mboni ikadwala kapena kumwalira, munda umene unali wako umakhalabe wako, ndipo bwalo lanzeru limafuna mboni ina. Chiphaso chiyenera kukhala mboni ya mtundu umenewu. Ufulu wovota umachokera pa zoti munthuyo ndi wa dziko lino, lamulo lopangidwa ku Lilongwe lidzamukhudza, msonkho adzaupereka pogula sopo ndi mchere. Boma likayamba kuchita ngati chiphasocho ndicho chimabala ufulu, ndiye kuti mboni yakhala pampando wa mwini munda.

South Africa inakumana ndi funso lomweli demokalase yake idakali yakhanda. Chisankho cha 1999 chisanachitike, lamulo linati wolembetsa akhale ndi chiphaso cha mtundu watsopano chokhala ndi bar code. Chipani cha New National Party chinakasuma, ponena kuti anthu ambiri adakali ndi ziphaso zakale. Khoti loona za malamulo aakulu linagamula kuti lamulolo lilibe cholakwika, koma woweruza Kate O'Regan anatsutsana ndi anzake. Iye anaona kuti sikokwanira kufunsa ngati lamulo lili ndi cholinga chomveka. Tiyeneranso kufunsa ngati n'zoyenera kuliika panthawi imeneyo, podziwa kuchuluka kwa anthu amene adzatsala panja. Anagonja pa chiwerengero, koma funso lake ndi limene tikulifunsabe.

Nkhani ya ku North Dakota, ku United States, imaonetsa bwino kuti lamulo looneka lofanana kwa onse limatha kusankha amene lim'ponde. Mu 2016 anthu a mtundu wa Sioux a ku Standing Rock anamanga misasa kukana paipi ya mafuta ya Dakota Access, imene inakonzedwa kudutsa pansi pa mtsinje wa Missouri pafupi ndi dera lawo. Ankanena za madzi akumwa, za malo opatulika, ndiponso za mapangano a ku Fort Laramie a 1851 ndi 1868, amene boma la America linasayina nawo ngati mtundu woima pawokha. Paipiyo inayamba kunyamula mafuta mu 2017. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya chigawocho inakhazikitsa lamulo lofuna kuti wovota aonetse chiphaso chokhala ndi adiresi ya msewu ndi nyumba. M'madera ambiri a mitunduyi nyumba zilibe manambala, anthu amalandirira makalata ku bokosi la kupositi ofesi. Mu Okutobala 2018, khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linakana kuimitsa lamulolo, ndipo mitunduyo inathamanga kusindikiza ziphaso zatsopano chisankho chisanafike. Nkhaniyi inadzatha ndi mgwirizano mu 2020. Taganizani: paipi inapeza njira yofikira pamtsinje wawo popanda kufunsa nambala ya nyumba, koma voti inafuna nambalayo. Anthu amene anali pamalopo misewu isanalambulidwe anafunsidwa kuti atchule msewu wawo.

Palibe mawu m'lamulo limenelo oletsa mtundu wina wa anthu kuvota. N'chifukwa chake ndikuganiza kuti poyesa lamulo la chiphaso, kuwerenga mawu ake sikokwanira. Tiyenera kuwerenga mtengo wake ndi kuona amene akuulipira. Kwa wogwira ntchito ku Area 3, chiphaso chotayika ndi nkhani ya masana amodzi. Kwa mayi wa kuseri kwa phiri la Michesi, ndi ndalama ya kabaza kupita ndi kubwera, tsiku losiya ganyu, mwina kubwereranso kawiri. Ngati voti ili ndi mtengo wotere, wosauka amaigula modula kuposa wolemera, pamene tinagwirizana kuti pa tsiku limodzi lokhali onse akhale ofanana.

Mfundo yanga ndi yakuti boma lili ndi ufulu wofuna umboni, koma likangosankha kuti umboni wake wokha ndiwo wovomerezeka, udindo woufikitsa kwa munthu aliyense umakhala wake. Amene watseka zitseko zina zonse ndiye ayenera kuonetsetsa kuti chotsalacho n'chotsegula. Khoti lalikulu la Malawi linayenda njira yofanana ndi imeneyi mu Okutobala 2024. Silinathetse lamulo la chiphaso, koma linalamula kuti NRB ikonze njira yothandizira anthu ofika pamalo a kalembera alibe umboni, kuti alembedwe m'kaundula wa unzika n'kutha kulembetsa voti. Chigamulo chimenechi chinabwezera katundu pamutu pa mwini wake.

Tsono ndidziyang'ane ndekha. Ine chiphaso ndili nacho, pasipoti ndili nayo, koma pa 16 Sepitembala 2025, pamene anthu pafupifupi 7.2 miliyoni olembetsa anali ndi mwayi wosankha mtsogoleri, ndinali ku Wynberg ndikumvera pa foni. Malawi alibe njira yoti nzika zake zivotere kunja. Anzathu a ku Mozambique amene timakwera nawo sitima amavota ali konkuno, ndipo nyumba ya malamulo ya kwawo ili ndi mipando iwiri ya okhala kunja. Nzika za South Africa nazo zimavotera ku maofesi a akazembe awo, kutsatira chigamulo cha mlandu wa Richter mu 2009. Ife a ku Joni timatumiza ndalama za feteleza, za fizi ndi za maliro, koma pa nkhani ya amene akhazikitse mtengo wa fetelezayo tilibe mawu.

Pali wonditsutsa amene ndimamulemekeza. Iye amati: iwe sudzaima pamzere wa petulo ku Limbe, sudzagona pansi m'chipatala cha boma, nanga usankhirenji anzako mtsogoleri amene sudzamva kuwawa kwake? Mfundoyi ndi yolemera, ndipo sindinganene kuti tchona wa zaka makumi atatu ali chimodzimodzi ndi mlimi wa ku Migowi. Koma ngati voti ndi ya amene lamulo limamukhudza, ndiye kuti ndiyenera kuvota kuno, kumene khansala amene sindinamusankhe amakambirana za madzi, zinyalala ndi malo a mavenda mu Main Road. Kunonso sindingathe, chifukwa voti ndi ya nzika zokha. Kwathu akuti ndili kutali, kuno akuti ndine mlendo. Mwambi umati mlendo ndi mame, koma mame ena akhala zaka khumi osakamuka.

Chodabwitsa n'chakuti malamulo aakulu a Malawi ali ndi mtima wabwino pa nkhaniyi kuposa maiko ambiri. Gawo 77 limalola munthu amene si nzika, koma wakhala m'dzikomo zaka zisanu ndi ziwiri, kulembetsa voti. Olemba malamulowo anazindikira kuti kukhala ndi anthu, kudya nawo, kuika nawo maliro, kumapereka mawu. Nzeru imeneyi ndi yofanana ndi imene azakhali ankanena potchula amfumu, mpingo ndi manda. Chiphaso chinabwera kudzathandiza nzeru imeneyi kufikira anthu mamiliyoni amene sangadziwane onse, ndipo chiyenera kuweruzidwa poona ngati chikugwira ntchito imeneyo.

Azakhali analembetsa. Mdzukulu wawo anawanyamula panjinga, ine ndinatumiza ya mayendedwe. Tsiku la chisankho madzulo ananditumizira chithunzi pa WhatsApp, chala chili ndi inki, nkhope yadulidwa theka chifukwa wojambula anali mwana. Sindinawafunse amene anamuvotera. Ndinangowerengetsa kuti voti imeneyo inatheka chifukwa panali njinga, mdzukulu ndi wachibale wa ku Joni, ndipo m'mudzi mwawo muli amayi ena amene alibe chilichonse mwa zitatuzi.