Kodi Kubisa Dzimbiri Ndi Kunama?

Msewu wochokera pa boma la Mangochi, wowoloka Shire ndi kukwera mapiri kudzera ku Namwera mpaka ku Chiponde, pamene dziko lathu lichita malire ndi Mozambique moyang'anana ndi Mandimba, ndi msewu wokalambitsa galimoto msanga. Chitsulo chikakumana ndi madzi pamodzi ndi mpweya chimachita dzimbiri, ndipo mchere ndi matope a dzinja zimafulumizitsa matendawo. Nchifukwa chake ena mwa anyamata a m'mabanja athu akuphunzira umisiri wowotcherera zigamba pa galimoto zakale.

Mmisiri wokhulupirika amayamba ndi kudula. Amachotsa chitsulo chonse chodyeka kufikira atapeza chowala, ngakhale bowo likule kuposa mmene mwini galimoto amaganizira. Kenaka amajambula bowolo pa katoni, nadula chigamba chofanana nalo, nachigwiriza ndi timadontho ta moto apa ndi apo, popeza akawotcherera mzere wonse nthawi imodzi, kutentha kumapinda chitsulo. Potsiriza amapaka utoto kuseri, kumene palibe diso lidzaone. Koma ilipo njira ina yachidule: kutseka bowo ndi kalata kakale, kumatapo phala louma msanga lija amisiri amati fila, kusalaza ndi kupopera utoto. Galimoto imatuluka ikunyezimira, wogula nakondwa. Kodi pamenepa pachitika tchimo? Palibetu amene wanena mawu abodza.

Funso limeneli si lachilendo mu Mpingo. Tomasi Woyera wa ku Aquino, amene anamwalira m'chaka cha 1274, analisinkhasinkha m'buku lake la Summa Theologiae, ngakhale iye ankanena za akavalo. Chiphunzitso chake nchakuti chilema chikakhala choonekera, monga kavalo wa diso limodzi, wogulitsa sakakamizidwa kuchilengeza, malinga atsitse mtengo moyenera. Koma chilema chikakhala chobisika, nkukhala choti chingadzetse ngozi kapena kutayitsa wogula chuma chake, kukhala chete nkulakwa, ndipo wogulitsa ayenera kubwezera zimene zawonongeka. Tsono mlandu wa fila ndi wolemera koposa apa, pakuti chilemacho sichinabisike chokha. Manja a munthu ndiwo anachibisa. Munthu angathe kunama ndi utoto monga momwe amanamira ndi lilime.

Komabe tisaweruze mothamanga. Fila payekha si tchimo. Ngakhale mmisiri wabwino amapaka pang'ono posalaza chigamba chake. Ndiponso tikudziwa umphawi wa kwathu kuno. Bambo amene galimoto yake ndiyo imadyetsa ana sangayiimike masabata awiri, ndipo akamata chitseko iye mwini akudziwa chimene wamata, sananyenge munthu. Zimasintha dzimbiri likafika pansi pamene okwera amaponda, kapena pa zitsulo zonyamula thupi la galimoto. Mayi wokwera ndi dengu lake la usipa sanafunsidwe, ndipo alibe njira yodziwira. Pa zitunda zokhotakhota za msewu uja, nkhani imachoka pa lamulo lachisanu ndi chiwiri, loletsa kuba, nifika pa lamulo lachisanu, loteteza moyo.

Amene amatimvetsa chisoni kwambiri ndi mnyamata wophunzira ntchito. Bwana wake akamuuza kuti amate msanga chifukwa wogula abwera mawa, iye achite chiyani? Akakana, malo ake atenga wina, ndipo kunyumba akumuyembekezera ndi ufa. Sitinganene kuti mlandu wake ndi wofanana ndi wa bwanayo, popeza ufulu wake ndi wochepa, ndipo kumene ufulu wachepa mlandunso umachepa. Koma sitinganenenso kuti manja ake ndi chida chabe, ngati nyundo. Angathe kunena mwaulemu kuti, "Bwana, apa mpoopsa, tidule." Angathe kukana pokhapo pamene pali moyo wa anthu, nalolera zina zazing'ono. Chimene timaopa ife si tsiku limodzilo ayi, koma chizolowezi, pakuti dzanja limene laphunzira kumata lili ndi zaka 18 lidzavutika kuphunzira kudula lili ndi zaka 40.

Nafenso ogula tili ndi gawo lathu. Timanyinyirika ndi mtengo wa mmisiri amene watha masiku atatu akudula, nkuthamangira kwa amene walonjeza kumaliza dzuwa lisanalowe. Makolo potumiza mwana kukaphunzira ntchito timafunsa za malipiro, osayamba taima pagalajapo ndi kuona ngati pansi pali zidutswa za chitsulo chadzimbiri zimene zadulidwa ndi kutayidwa.