DZANJA LA CITSULO NDI MLANDU WA MUNTHU

Thupi la munthu limangidwa ndi tizinthu tamoyo tating'ono tochedwa maselo, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. Dzira la mkazi ndilo selo imodzi yotere, ndipo ngakhale liposa maselo anzace kukula, mazira khumi ondandalikidwa pamzere angokwana ngati milimita imodzi. Mu 1992 madotolo a ku Brussels anaonetsa kuti nkotheka kutenga mbeu imodzi ya mwamuna ndi singano ya galasi, kuilasa m'kati mwa dzira, mwana ndi kubadwa. Mabanja ambiri osoŵa ana anatonthozedwa ndi luso limeneli.

Koma nchito yace njowawa. Wolasayo akhala coŵerama pa galasi lokuza zinthu, ndipo dzanja likanjenjemera pang'ono pokha dzira liphulika. Kuphunzira kwace kutenga nthawi yaitali, ndipo ngakhale katswiri atopa dzuŵa likapendeka. Cifukwa cace anthu anzeru anayamba kupanga maloboti, ndiwo makina oona ndi kamera ndi kulasa okha. Ku Toronto, Yu Sun ndi anzace anapanga makina olasa mazira a nsomba mu 2007. Mu 2025 kunamveka kuti ku Guadalajara, m'dziko la Mexico, kwabadwa mwana wamwamuna wocokera m'dzira lolasidwa ndi makina, amene anacita mbali zonse 23 za nchitoyo anthu alikuyang'anira.

Ena anyansidwa nazo, nati ciyambi ca moyo sicoyenera kuperekedwa kwa citsulo. Mau awo ngosayenera kupeputsidwa, koma aiŵala kuti singano ya galasi ija inali kale cipangizo, ndi kuti mkazi woyembekezera mwana zaka zambiri sapindula kanthu ndi dzanja lotopa. Ngati makina atsimikizidwa kuti aononga mazira ocepa kuposa munthu, kuwakana cifukwa ca ulemu wa dzanja ndiko kukonda mbiri ya sing'anga koposa wodwala.

Coopsa ceniceni cili pena. Makina amenewa salasa cabe; asankhanso mbeu imene ilowe m'dzira, poyang'ana maonekedwe ace ndi kayendedwe kace. Nanga zinthu zikalakwika, afunsidwa ndani? Dotolo angati makina ndiwo anasankha. Wopanga makina angati dotolo ndiye anawagwiritsa nchito. Ndipo makolo abwerera kwao opanda woŵayankha.

Akulu a m'midzi anaweruza kale mlandu wotere. Msampha ukagwira mbuzi ya mnansi, msamphawo suitanidwa kubwalo. Aitanidwa ndiye anauchera, ngakhale anali m'tulo pamene unafwamphuka. Pouchera iye anasankha njira, nasankha kukula kwa khwekhwe, ndipo kusankha kwaceko kunapitirira kugwira nchito iye atacoka. Momwemonso loboti ilibe cifuniro. Imangobwereza kusankha kwa anthu amene anaiphunzitsa, ndi kwa dotolo amene anavomera kuikhulupirira.

Cotero dotolo wolungama auza makolo poyera kuti makina ndiwo adzalasa, nawapatsa ufulu wa kukana. Ayang'anira nchito yonse, nasunga luso la manja ace kuti alande singano makina akasokonezeka. Ndipo dzira likaonongeka, iye yekha aima pamaso pa makolowo nafotokoza cimene cacitika.