Maso a Mlendo ndi Maso a Mwinimudzi

Ulendo wa masiku owerengeka wokaona malo okongola ndi wofala masiku ano, ndipo umadzutsa funso lakale: kodi munthu wongodutsa angati malowo wawadziwa? Funsoli limamveka bwino likaikidwa pa malo awiri otalikirana, mzinda wa Bergen ku Norway ndi dera la Nsefu m'boma la Mambwe, m'chigwa cha Luangwa. Konseku anthu amadya za alendo, ndipo konseku alendowo sakhalitsa.

Bergen ali m'mbali mwa nyanja kumadzulo kwa Norway, ndipo anakhazikitsidwa cha m'ma 1070. Alendo ambiri amafika pa sitima zikuluzikulu za pamadzi, kutsika m'mawa ndi kukweranso madzulo. Amayenda pa Bryggen, doko lakale la nyumba zamatabwa lomwe UNESCO inalilemba m'kaundula wake mu 1979, kenaka n'kupita kukaona ma fjord. Amenewa ndi zigwa zakuya zomwe madzi oundana anakumba kalekale, nyanja yamchere n'kudzalowamo pambuyo pake. Sognefjord imalowa kumtunda mtunda woposa makilomita 200, ndipo pena kuya kwake kumapitirira mamita 1,300. Geirangerfjord ndi Nærøyfjord zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2005. Ali m'sitima, mlendo amaona timakomo takale titakhala pa materezi a mapiri, pamwamba pa maphompho, n'kumati pamenepo mpokoma kukhala. Koma mabanja amene ankalima pamenepo anasamukapo kale, atatopa ndi chipale chogumuka, miyala yogwa ndi njira zoterera.

Ku Nsefu nkhani ya alendo inayamba mu 1950, pamene Norman Carr, yemwe ankagwira ntchito yoyang'anira nyama, anagwirizana ndi Mfumu Yaikulu Nsefu ya Akunda kuti gawo la dziko lake lipatulidwe kuti likhale la nyama, ndipo ndalama zolipira alendo zizipita kwa eni dziko. Kampu ya Nsefu inamangidwa panthawi yomweyo, ndipo ndi imodzi mwa makampu akale kwambiri oonerako nyama mu Zambia. Mu 1972 derali linakhala mbali ya South Luangwa National Park, paki ya masikweya kilomita pafupifupi 9,050. Gawo la Nsefu lili kuvuma kwa mtsinje, pomwe mbali yaikulu ya paki ili kuzambwe. Mlendo amatera pa bwalo la ndege la Mfuwe, kugona usiku utatu kapena unayi, n'kubwerera. Amaona mvuu zitadzazana m'madziwe, njovu zikuwoloka pamchenga, nyalugwe ali pa nthambi, ndi nyamalikiti za mtundu wa Thornicroft zomwe sizipezeka kwina kulikonse kupatula m'chigwachi.

Chinthu choyamba chimene chimachepetsa maso a mlendo ndi nyengo. Makampu ambiri a m'tchire amatsegulidwa m'chilimwe, kuyambira cha m'Meyi mpaka Okutobala, pamene udzu wauma ndipo nyama zasonkhana kumtsinje. Mvula ikagwa, dothi lakuda la makande limasanduka thope lomira galimoto, Luangwa amasefukira, ndipo midzi ina imakhala yovuta kufikako. Chigwa cha m'dzinja, cha malungo, cha njala ya mu Febuluwale ndi cha kugona kumunda, alendo ambiri sachiona konse. Ku Bergen n'chimodzimodzi: sitima zimachuluka m'miyezi ya dzuwa lalitali, pomwe eni mzinda amaudziwa ndi mvula yake ya masiku oposa 200 pachaka ndi mdima wa mu Disembala.

Chachiwiri n'chozama kuposa nyengo. Edmund Burke mu 1757 ndi Immanuel Kant mu 1790 analemba za chisangalalo chosakanikirana ndi mantha chimene munthu amamva poyang'ana phompho, namondwe kapena phiri lalitali. Onse awiri anaona kuti chisangalalochi chimabwera pokhapokha woonayo ali pamalo otetezeka. Zoopsa zikafika pafupi, chotsala ndi mantha okhaokha. Mfundoyi ikulongosola zambiri za ku Nsefu. Njovu yomwe mlendo amaisirira ali m'galimoto, kapena akuyenda pansi kumbuyo kwa msilikali wa nyama wonyamula mfuti, ndi yomweyo imene usiku imathyola nkhokwe ndi kumaliza munda wa chimanga kusanache. Alimi a m'mphepete mwa paki amachezera pa nsanja, kuomba zitini ndi kufukiza tsabola kuti aithamangitse. Ng'ona yogona pamchenga ndi chithunzi kwa wina, koma kwa mayi wotunga madzi padooko ndi imfa. Choncho kukongola kumene mlendo akuona sikuli m'chigwa mokha. Mbali ina kuli m'chitetezo chimene iye wagula ndi ndalama zake.

Pamenepa n'kosavuta kugamula kuti mlendo sadziwa kanthu, ndipo mwambi wakuti mlendo ndi mame umaoneka ngati ukuvomereza. Koma chigamulo chotere n'chofulumira. Anthu omwewo amene anati mlendo ndi mame ananenanso kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kuzolowera kumaphimba maso. Munthu wobadwira m'mbali mwa Luangwa akhoza kukalamba osadziwa kuti nyamalikiti za kwawo n'zosowa padziko lonse, ndipo ana ambiri a kufupi ndi Mfuwe amalowa m'paki koyamba pamene sukulu kapena mabungwe monga Chipembele Wildlife Education Trust awatengerako. Kudabwa nakonso ndi njira yodziwira, chifukwa kumaona chinthu chisanasanduke ndiwo, mdani kapena katundu. Chimene mlendo amaona n'choona ndithu, kungoti n'chochepa, ndipo vuto limayamba iye akachiyesa chonse.

Komanso mlendo wa ku Nsefu saona yekha. Amaona ndi maso obwereka. Amene amamuonetsa mapazi a mkango pafumbi, kumuuza kuti kulira kwa anyani kukusonyeza nyalugwe pafupi, kapena kumuimitsa mphepo ikatembenuka, kawirikawiri ndi mwana wa m'chigwa momwemo amene anaphunzira ntchito yoperekeza alendo n'kukhoza mayeso ake. Maulendo oyenda pansi amene Carr anatchukitsa anadalira nzeru za alenje ndi olondola mapazi a m'derali kuyambira pachiyambi. Masiku atatu a mlendo amaima pa zaka zambiri za wina, ngakhale kuti m'zithunzi zopita kunja woperekezayo saonekamo kawirikawiri.

Zipembedzo za m'chigwachi zimalitenga funsoli mwanjira ziwiri. M'Baibulo, buku la Yobu, kuyambira mutu 38 mpaka 41, limasimba za Mulungu akuyankha munthu wovutika pomuonetsa zolengedwa: mkango, mbidzi ya m'chipululu, chiwombankhanga, ndi chilombo cha m'madzi chomwe omasulira ambiri amati ndi mvuu. Yobu sakupatsidwa nyamazo kuti azidye kapena kuzilamulira. Akungoziona kwa kanthawi, ndipo kuonako kukumuchepetsa. Apa kuyang'ana kopanda phindu kukupatsidwa ulemu. Levitiko 25 akupita patsogolo ponena kuti dziko ndi la Mulungu, ndipo okhalamo ndi alendo kwa iye. Potsata ganizo limeneli, mlendo wa masiku atatu ndi nkhalamba ya zaka 80 amasiyana pa kutalika kwa nthawi, koma onse ndi odutsa, ndipo palibe amene angati chigwa wachidziwa mpaka pansi.

Mwambo wa makolo suvomereza msanga kufanana kumeneku. Kwa Akunda, monganso kwa Achewa ndi Ansenga oyandikana nawo, malo amadziwika kudzera mwa anthu amene anagonamo. Mtengo wa mlambe, dziwe kapena bwinja zimakhala ndi maina ndi nkhani za amene anaikidwa pafupi, ndipo mizimu yawo imakumbukiridwa. Mwambo wa Malaila umasonkhanitsa Akunda kukumbukira makolo ndi mbiri ya kufika kwawo m'chigwachi. M'kaganizidwe kameneka, kudziwa malo ndi chibale, ndipo chibale chimabwera ndi udindo: kulira maliro, kulima, kumvera mfumu. N'chifukwa chake mlendo wakale ankayamba waonekera kwa nyakwawa, kunena kumene achokera ndi chimene adzera, asanayende m'dziko la eni. Mlendo wamakono amalipira pachipata cha paki ndipo akhoza kuchoka osaponda m'mudzi ngakhale umodzi. Ganizo la makololi likuoneka lolimba pa mfundo imodzi: munthu amene sadzavutika malowo akawonongeka sangawadziwe mofanana ndi amene adzavutike.

Funso la kudziwa limathera pa funso la mangawa, ndipo apa Norway ndi Luangwa zinakumana m'mbiri yeniyeni. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 opha nyama mobisa anatha zipembere za m'chigwachi ndi kuchepetsa njovu kwambiri. Chakumapeto kwa nthawi imeneyo, mu ulamuliro wa Kenneth Kaunda, boma linayambitsa Luangwa Integrated Resource Development Project, yomwe ndalama zake zambiri zinachokera ku NORAD, bungwe la chithandizo la boma la Norway. Ntchitoyi inakhudza paki ndi dera la Lupande, momwe muli mafumu asanu ndi mmodzi a Akunda: Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro. Cholinga chake chinali chomwe chija cha mu 1950, chakuti wokhala ndi nyama alandire gawo la zimene nyamazo zimabweretsa. Chapakati pa zaka za m'ma 1990 gawo lalikulu la ndalamazo linayamba kufika m'magulu a m'midzi, momwe anthu ankasankha okha kugawana kapena kumangira sukulu ndi zitsime. Zambiri mwa ndalamazo zinkachokera kwa alendo odzasaka nyama ndi chilolezo ku Lupande, osati kwa odzajambula m'paki. Lamulo la nyama la mu 1998 linabweretsa makomiti otchedwa Community Resources Boards, ndipo madandaulo a kuchepa ndi kuchedwa kwa gawo la midzi akhala akumveka kuyambira pamenepo. Ku Norway nako mkangano ulipo: mu 2018 nyumba ya malamulo inagamula kuti sitima zotulutsa utsi zidzaletsedwe m'ma fjord a m'kaundula wa UNESCO, chifukwa utsiwo umatsalira m'zigwa kwa anthu okhalamo sitimazo zitapita.