Moni Wathu Uli Kutali, Nanga Wa Agogo Uli Kuti?

Mawu a Mulungu: Salimo 8, Yesaya 40:26



Masabata apitawa, chakumadzulo dzuwa litangolowa, anthu ambiri kuno kwathu anaona timiyuni tikuyenda mondondozana kumwamba, tosachita phokoso, ngati mikanda pa ulusi. Ana anakuwa, amayi anasiya nkhali pamoto. Kutacha nkhani inali itafika kale pamjigo yakuti usiku kwadutsa ndege ya afiti. Pofika madzulo ndegeyo inali itapeza mwini wake, gogo wina wamasiye wa m'mphakati mwathu momwemu, amene sangathe kunyamula ngakhale ndowa ya madzi. Sindimutchula dzina, mukumudziwa. Kuyambira tsiku limenelo palibe amene akumupatsa moni. Ndinapita kukamuona. Ndinamupeza atakhala pakhonde, akutong'ola chimanga m'lichero, ndipo atandiona anabisa licherolo kumbuyo kwake. Mayi amene wapeta ufa zaka zonsezi lero akuopa kuoneka ndi lichero m'manja.

N'chifukwa chake ndasankha Salimo 8. Davide anali mbusa, anagona kunja, anaona thambo lomwelo limene ife timaona. Ataona mwezi ndi nyenyezi anazizwa kuti Mulungu wamkulu chotere amakumbukira munthu, ndipo mtima wake unadzaza ulemu. Yesaya naye akutiuza kuti tikweze maso, popeza amene anazilenga amazitulutsa mwa chiwerengero chake ndi kuziitana mayina. Ife takweza maso, ndipo tatsika ndi mwala m'manja.

Choyamba, ndikuuzeni chimene munaona. Timiyuni tija ndi masetilaiti a kampani ya Starlink, imene inayamba kupereka intaneti m'Malawi muno mu 2023. Amawaponya mumlengalenga ambirimbiri nthawi imodzi, ndipo masiku oyamba amayenda pamzere asanabalalike. Alibe nyali. Amawala chifukwa ali pamwamba kwambiri, makilomita mazana angapo, kumene dzuwa limawawombabe ife kuno kutada. Usiku womwewo anawaona a ku Chipata, anawaona a ku Lilongwe. Kodi gogo wathu uja anauluka malo onsewo?

Chachiwiri, mantha a zinthu zakumwamba si achilendo pakati pathu. Angoni a Zwangendaba, makolo a Mpezeni ndi a ambiri a inu a mbali zonse ziwiri za malire, powoloka Zambezi mu Novembala 1835 dzuwa linada masana. Iwo anaona ngati chizindikiro choopsa. Lero akatswiri a mbiri amadziwa nthawi ya ulendo umenewo chifukwa cha kadamsana yemweyo, popeza kayendedwe ka mwezi ndi dzuwa kamawerengeka cham'mbuyo ndi cham'tsogolo osaphonya. Akuluakulu mukukumbukira pa 21 Juni 2001, pamene ku Lusaka kunada bii masana ndipo kuno dzuwa linatsala kachidutswa. Tsiku limenelo linalengezedwa pa wailesi lisanafike, ndipo linafikadi pa ola lake. Umu ndi mmene Mulungu anaikira dongosolo m'ntchito zake. Ndipo musaganize kuti kufufuza zimenezi n'kulimbana ndi chikhulupiriro. Munthu amene anafotokoza mu 1927 kuti chilengedwe chonse chikufutukuka anali wansembe wa Katolika wa ku Belgium, Bambo Georges Lemaître. Anyamata amene akuphunzira filosofi pa seminale yathu ya Kachebere pano, imene Ansembe Oyera anatsegula mu 1939, akhale oyamba kufotokozera anthu zoterezi akatuluka kukayendera miphakati.

Koma pali nkhani imodzi imene yandigwira mtima sabata yonseyi. Mu 1977 anthu a ku America anaponya mumlengalenga zombo ziwiri zopanda munthu, Voyager 1 ndi Voyager 2. Pa chombo chilichonse anamangirirapo mbale yokutidwa ndi golide, yonga malekodi aja ankaimba pa galamafoni. M'mbalemo anajambulamo kulira kwa mwana, mabingu, mbalame, nyimbo za mitundu yosiyanasiyana, ndi moni m'zilankhulo 55 za padziko lapansi. Chimodzi mwa zilankhulo zimenezo ndi Chinyanja. Inde, chilankhulo chino chimene ndikukulankhulirani. Pa zilankhulo zikwizikwi za padziko, chathu chinalowa nawo, ndipo mawu ake ndi aja timanena tsiku ndi tsiku pofunsa munthu kuti ali bwanji.

Voyager 1 imathamanga makilomita pafupifupi 17 pa sekondi. Ulendo wochokera pa Boma la Mchinji kukafika ku Lilongwe, umene minibasi imatha maola awiri, chombocho chimautha m'masekondi osakwana 7. Chakhala chikuyenda chotero kuyambira ambiri a inu musanabadwe, ndipo lero chili pamtunda woposa makilomita 24 biliyoni. Kuwala kwa dzuwa kumatifika m'mphindi 8, koma uthenga wochokera ku chombo chimenecho umatenga pafupifupi tsiku lathunthu. Mu 1990 anachitembenuza kuti chijambule kumene chinachokera, ndipo dziko lathu lonse, ndi nyanja zake, ndi malire ake onse, linaoneka ngati kachitsotso kamodzi pa chithunzi. Pa kachitsotso kameneko ndi pamene Mwana wa Mulungu anabadwira, nadya nsima ya masiku ake ndi anthu osauka, nakhudza akhate amene aliyense ankawathawa.

Tsono taganizani, abale anga. Moni wa Chinyanja ukuyenda mumdima wa kutali kumene kulibe munthu woti ayankhe. Ndipo pano, mtunda woti mwana akhoza kuponya mwala n'kufika, pali mayi wobatizidwa, amene anakusambitsani ena a inu muli makanda, amene analira nanu pa maliro a abambo anu, ndipo mukumudutsa ngati chitsa. Lamulungu mudzagwirana chanza cha mtendere, mudzafola pamzere wa Ukaristia, iye atakhala yekha pabenchi ya kumbuyo. Mudzalandira bwanji Thupi la Ambuye mutakana chiwalo cha thupi lomwelo?

Ndikudziwa kuti mumtima muli zowawa. Fetereza wakwera, mvula ikubwera mwanjomba, ana akudwala malungo, achinyamata ali pakhomo ndi masatifiketi awo. Munthu wopanikizika amafuna woti amuloze chala, ndipo chala chimapita kwa amene alibe womuteteza. Simunamvepo kuti mwini galimoto kapena mwini golosale wamenyedwa chifukwa cha ufiti. Nthawi zonse amakhala nkhalamba, wamasiye, wosauka, wa maso ofiira ndi utsi wa m'khitchini. M'dziko muno agogo ambiri aphedwa kale mwa njira imeneyi, ena ndi adzukulu awo enieni, ndipo zinayamba monga zayambira kuno, ndi manong'onong'o pamjigo. Lamulo la dziko limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu linaletsa kale umboni wonama.

Inu a mpando a mphakati, msonkhano wa Lachinayi likudzali ukachitikire pakhomo pa mayi ameneyu. Amayi a bungwe, tengani ufa, mchere ndi sopo. Achinyamata a kwaya, denga la khitchini yake likudontha, udzu ulipo kudambo. A mfumu, inu muli nafe m'tchalitchi muno, mukaitane amene anayambitsa nkhaniyi akapepese pamaso pa anthu. Ine ndidzafika 3 koloko. Ngati kudzakhale kopanda mitambo tidzakhalitsa mpaka kude, ndipo ana abwere nawo, ndidzawaonetsa Mlalang'amba ndi setilaiti ikamadutsa. Aliyense polowa pabwalopo ayambe wagwada, n'kuwafunsa agogo kuti aswera bwanji.

M'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera. Amen.