Kodi Wolipira Madzi Angawamwaze Monga Afunira?

Anthu a kwa Chiwalo safuna mphunzitsi pa nkhani ya chilala, pakuti Nyanja ya Chilwa inauma iwo akuona mu 1968 ndi 1995, niphwanso mu 2018. Mjigo ukayamba kutsokomola, amayi amapimirana okha madzi popanda kalata ya boma.

M'mizinda lifunika lamulo. Mu 2016 Lilongwe Water Board inagaŵa madzi mosinthanitsa madera. Mu February 2018 akuluakulu a Cape Town analamula kuti munthu asapyole malita 50 pa tsiku, ndiwo ndowa ziŵiri ndi theka.

Tsono wachuma afunsa: "Wolipira ndine, andiletsa bwanji?" Funsoli si lopusa ayi, pakuti chake cha munthu sichilandidwa mwachisawawa. Koma ndalama yakeyo ilipira kupopa ndi kuyeretsa, mvula sanaigule. Madzi amene athira pa kapinga achokera m'damu lomwelo limene mkazi wamasiye aliyembekeza. Lamulolo liyenera kumveredwa, malinga liluma onse. Mipopi ikauma ku Mtandire kokha, kapinga wa ku Area 47 ali biriŵiri, woyenera kudandaula ndiye mkazi uja.