Amayi Athu a ku Joni

Kunja kusanayere bwino, tiyeni tiwakumbukire amayi amene akusaka moyo ku Joni.

Nthawi ngati ino ku Johannesburg, mayi wochokera ku Mangochi, ku Mzimba kapena ku Harare wadzuka kale. Mwana wamusiya kwa mnzake wa chipinda choyandikana, iye akuthamangira takisi kuti akafike kuntchito abwana asanatuluke. Mnzakeyo sawerengera, poti mawa nayenso adzafuna womusungira wake.

Mwezi ukatha amakumana pa chipereganyu. Wolandira lero agula makina osokera, wa mwezi wamawa atumiza fizi kumudzi pa Mukuru. Maliro akagwa, amasonkherana mpaka thupi litadutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, kukagona kwawo. Mutu umodzi susenza denga.

Pamikumano yomweyi amauzananso za ufulu wawo. Mu 2019, khoti lalikulu ku Makhanda linagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosowa mapepala. Mu 2023, khoti lina ku Johannesburg linati amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa ulere m'zipatala za boma, kaya ndi nzika kaya ndi mlendo. Mayi amene wamva zimenezi kwa mnzake amaima pamzere mtima uli m'malo.

Inu amene muli ndi mbale kumeneko, mukamuimbira lero musayambe ndi za ndalama. Mufunseni mmene wadzukira, komanso ngati ali ndi anzake omuyendera akadwala.